Njomba zatinamiza mokwanira, tiyambe kulemba zimene mawinga athu akuchita

Pa osewera 11 amene mphunzitsi amalowetsa m'bwalo, palibe wonamiza maso kuposa winga. Amasewera m'mbali, kufupi ndi mzere pamene taima ochemerera, choncho chilichonse chimene wachita chimachitikira pamphuno pathu penipeni. Akamudyetsa njomba wotchinga kumbuyo mpaka kukhala pansi, bwalo lonse limaphulika, ana n'kuthamangira m'kati, woyimbira n'kuyamba ntchito yowapirikitsa. Madzulo ake, kaya ndi pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Luchenza, dzina limene lili pakamwa ndi la mnyamatayo. Koma tafunsani kuti itatha njombayo mpira unathera kuti. Ambirife sitikumbuka. Nthawi zambiri unathera m'manja mwa goloboyi, apo ayi m'chimanga cha kuseri kwa golo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere (a Manoma musandimve molakwa, sindikunena inu). Maganizo anga ndi akuti matimu a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kuyambira a m'masukulu, a m'maesiteti a tiyi, mpaka amene akulimbirana malo mu ligi ya m'chigawo cha kum'mwera, ayambe kulemba zimene mawinga awo achichepere akuchita m'bwalo. Kulemba ndithu, pa pepala, gemu iliyonse. Sindikunena zogula makompyuta kapena makamera a mamiliyoni. Kope la kusukulu, bolopeni, ndi munthu wodekha amene sangaponye bolopeniyo m'mwamba chigoli chikalowa, n'zokwanira poyambira.

Kumene mpira uli bizinesi ya ndalama zambiri anasiya kale kugula winga pongomvera phokoso la masapota. Mohamed Salah atapita ku Chelsea mu 2014 anasewera magemu 13 okha a ligi n'kugoletsa zigoli ziwiri, ndipo ambiri ku England anamuika m'gulu la olephera. Mu 2017 akatswiri a manambala a ku Liverpool, amene mtsogoleri wawo Ian Graham anali munthu wa sayansi osati wosewera mpira wakale, anali ena mwa amene anaumirira kuti timu imugule kuchoka ku Roma. Mphunzitsi wa timuyo panthawiyo, Jürgen Klopp, mtima wake unali pa Julian Brandt wa ku Germany. Mfundo ya owerengerawo inali yakuti timagemu tochepa ta ku Chelsea sitingaweruze munthu, koma ayang'ane ku Italy kumene anasewera nthawi yaitali. Nyengo yake yomaliza ku Roma anali atagoletsa zigoli 15 mu ligi akuchokera kumbali. Klopp anavomera, ndipo nyengo yoyamba yomweyo Salah anagoletsa zigoli 32 mu Premier League.

Brighton ndiye yatchuka kwambiri ndi zimenezi. Mwini wake, Tony Bloom, anatchuka pa kubetcha kowerengera manambala, ndipo nzeru yomweyo anaibweretsa pa kugula osewera. Mu 2021 timuyi inagula Kaoru Mitoma ku Kawasaki Frontale ya ku Japan pa mapaundi pafupifupi 3 miliyoni, mtengo wochepa zedi pa msika wa ku England. Mitoma yemweyo, ali ku yunivesite ya Tsukuba, kafukufuku wake womalizira maphunziro anali wa njomba. Inagulanso Simon Adingra wa ku Ivory Coast, amene anakulira pa sukulu ya mpira ya Right to Dream ku Ghana. Ndi iyeyo amene anapereka mipira yonse iwiri imene inabala zigoli pamene dziko lake linkagonjetsa Nigeria 2-1 mu ndime yomaliza ya AFCON mu February 2024. Matimu olemera kuposa Brighton anali ndi maso nawonso, koma anadzuka mitengo itakwera kale.

Mwina mukuti izi ndi za kwa eni ndalama. Zoona, gemu ya pa bwalo la pulayimale ku Thekerani simungaipeze pa Wyscout, pamene osaka luso a ku Ulaya amaonera makanema a osewera. Koma ntchitoyi sinayambe ndi kompyuta. Pa 18 March 1950, Charles Reep, wowerengera ndalama m'gulu la asilikali a ndege a ku Britain, anatopa ndi kaseweredwe ka Swindon Town, natulutsa kope ndi pensulo n'kuyamba kulemba zimene zinkachitika m'bwalo. Anapitiriza kwa zaka makumi angapo, ndipo magemu a usiku ankavala chisoti cha m'migodi chokhala ndi nyali kuti aone polemba. Za bamboyu ndibwererako, chifukwa anaphonya chinthu chachikulu chimene ifenso tingaphonye. Pano tingoona kaye kuti zida zake zonse zikupezeka mu golosale iliyonse pa Bvumbwe.

Tilembe chiyani? Choyamba ndi chinthu chosasangalatsa n'komwe: mphindi. Mwana walowa mphindi yanji, watuluka mphindi yanji. Popanda zimenezi manambala ena onse amanama. Tiyerekeze anyamata awiri. Wina wagoletsa zigoli 6 m'magemu 20 amene anasewera onse athunthu, mphindi 1,800. Wina wagoletsa 4, koma ankalowa chakumapeto ndipo mphindi zake zonse ndi 600. Pa mndandanda wa ogoletsa woyambayo ali pamwamba, ndipo ndi amene alandire envelopu tsiku la chikho. Komatu iye amagoletsa kamodzi pa mphindi 300, pamene wa pa benchiyo amagoletsa kamodzi pa mphindi 150. N'chifukwa chake kunjaku chilichonse amachiwerengera pa mphindi 90 zilizonse zimene munthu wasewera.

Kenako njomba zathu zokondedwa zija. Tilembe kuti wayesa kangati kudutsa munthu, wadutsa kangati, ndipo koposa zonse, chachitika n'chiyani atadutsa. Njomba ya pakati pa bwalo, yobwerera chakumbuyo, imene yapatsa adani mpata wobwerera m'malo mwawo, ndi yosangalatsa ana basi. Imodzi ya pakona ya bokosi imene yatsegula njira ya shoti imaposa khumi zoterozo. Amene mumaonera mpira wa ku England m'mavidiyo shoo mukumukumbuka Adama Traoré ali ku Middlesbrough mu nyengo ya 2016/17. Pa kudutsa anthu anali m'gulu la apamwamba mu Premier League yonse, koma nyengo inatha asanagoletse chigoli ngakhale chimodzi mu ligi, timu yake n'kutuluka. Kuno tili nawo ambiri a mtundu umenewo, ndipo ndi amene timathamangira kuwasonkhera thiransipoti yokayesedwera ku Blantyre.

Chimene ine ndingakonde kuti chilembedwe mosamala kwambiri ndi pasi yomaliza shoti isanamenyedwe. Tikamangowerenga mipira imene yabala zigoli timamulakwira winga, chifukwa chigolicho chimadalira phazi la munthu wina. Mnyamata akhoza kuika mpira pa phazi la womwetsa zigoli kanayi pa gemu imodzi, mnzakeyo n'kuphonya kanayi konse, winga n'kutuluka wopanda kanthu pa pepala. Wina wangokankhira mnzake kampira ka mamita awiri pakati pa bwalo, mnzakeyo n'kudutsa anthu atatu n'kugoletsa, iye n'kutamandidwa kuti ndiye wakonza chigoli. Tikalemba pasi iliyonse imene yabala shoti, kaya mpira walowa kaya sunalowe, timayamba kuona amene akugwiradi ntchito. Makampani ngati Opta amapitirira apo: shoti iliyonse amaipatsa mlingo wotchedwa xG, potengera malo amene yamenyedwera ndi kuchuluka kwa mashoti ofanana nayo amene analowa m'mbuyomu. Masamu amenewo ife sitingawakwanitse, koma tikhoza kujambula bwalo pa tsamba la kope n'kumaika kadontho pamene shoti yamenyedwera. Pakatha magemu khumi timadonthoto timalankhula tokha. Uyu mipira yake imathera pafupi ndi golo, uyu imathera pa mashoti akutali a mwayimwayi. Chigoli chimene Gabadinho Mhango anathira Morocco mu January 2022 sitidzachiiwala, koma ana athu ambiri anaphunzirapo phunziro lolakwika, aliyense akufuna kumenya ali kutsidya. Chigoli chotero chimakumbukirika chifukwa sichichitika kawirikawiri.

Makolosi nawo amatinamiza. Winga amene wathamanga mpaka pakona n'kuponya mpira m'mwamba osadzutsa mutu timamuombera m'manja, ngakhale kuti otchinga kumbuyo aatali amangoubweza ndi mutu. M'kopemo tisiyanitse kolosi yoponya mwachimbulimbuli ndi mpira wapansi umene wabwezedwa kuchokera pa mzere wa golo kupita kwa mnzake amene akubwera akuthamanga. Wachiwiriwu ndi umene Manchester City ya Pep Guardiola inagoletsera zigoli zambirimbiri, Raheem Sterling ndi Leroy Sané ali m'mbali. Tilembenso kuti mpira ukamachokera mbali inayo, nambala 7 wathu amafika pa mtengo wakutali wa golo kapena amaima pa mzere, manja m'chiuno, kudikira wake. Nanga akalandidwa mpira amatani? Ena amathamangira kukathandiza nambala 2 wawo, ena ndi nthawi imene amakumbukira kumanga zingwe za nsapato. Ndipo mwana wa zaka 15 amene akuyesa kumenya ndi phazi lake lofooka, ngakhale zikukanika, ndi wofunika kumuyang'anitsitsa kuposa amene amazungulira mpira kufunafuna phazi limodzi lomwelo.

Ndikudziwa zimene aphunzitsi athu achikulire anganene: "Achimwene, mpira si masamu. Mwana wodziwa mpira ndimamuona akangougwira koyamba." Sindiwatsutsa kwathunthu. Fischer Kondowe kapena Peter Banda sanapezeke ndi kope. Ngakhale ku England komweko, Riyad Mahrez anapezeka ndi diso. Steve Walsh, wosaka luso wa ku Leicester, anapita ku Le Havre ku France kukaona wosewera wina, Ryan Mendes, maso n'kugwera pa kamnyamata koonda ka ku Algeria. Anakagula mu January 2014 pa ndalama zosafika theka la miliyoni ya mapaundi, ndipo mu 2016 Leicester inatenga ligi, osewera anzake n'kusankha Mahrez kukhala katswiri wa chaka. Pali zinthu zimene bolopeni singazigwire. Mwana akapondedwa dala ndi wotchinga wamkulu thupi, amabwerera kukamuyesanso kapena amathawira mbali ina? Amadzutsa mutu mpira usanamufike? Akauzidwa chinthu Lachitatu, Loweruka amachikumbuka? Izi n'za diso la munthu wodziwa mpira.

Koma diso lili ndi matenda ake. Limasunga chinthu chimodzi chokoma n'kuiwala zoipa khumi. Limakonda mwana wa m'mudzi mwathu, mwana wa achemwali, mwana amene bambo ake anagulira timu mpira. Ndipo silingakhale pa mabwalo awiri Loweruka limodzi.

Apa ndi pamene ine ndimaona phindu lalikulu la kope. Maboma athuwa ndi a mapiri ndi misewu yovuta. Osaka luso ochokera ku Blantyre akabwera, amafikira pa ndime yomaliza ya chikho pa Boma, pamene pali matimu awiri okha, tsiku limodzi, mwinanso ena mwa osewerawo ndi aganyu obwerekedwa m'mawa womwewo. Mwana wa ku Muloza kapena ku Masambanjati, amene timu yake inatuluka mu ndime yoyamba chifukwa goloboyi anali wobooka, sadzaonedwa. Kukanakhala kope lonena kuti m'magemu 15 mnyamata uyu wabalitsa mashoti ambiri kuposa winga aliyense wa msinkhu wake mu zoni yonse, munthu akanakhala ndi chifukwa chokwerera njinga yamoto kukamuona. Ntchito ya manambala ithere pamenepo, kutiuza kuti mafuta ochepa amene tili nawowa tiwaotchere ulendo wa kuti. Kusankha kwenikweni kukhale kwa aphunzitsi aja.

Tibwerere kwa Reep. Atawerengera magemu ambirimbiri anapeza kuti zigoli pafupifupi 80 mwa 100 zilizonse zinkabwera pambuyo pa mapasi atatu kapena ochepera apo. Anagamula kuti kupatsirana kwambiri n'kutaya nthawi, mpira uzingomenyedwa kutsogolo, ndipo aphunzitsi ena a ku England anamumvera kwa zaka zambiri. Chimene sanachiganizire n'chakuti m'manambala ake omwewo, maulendo oposa 90 mwa 100 amene timu inkagwira mpira ankathera pa mapasi atatu kapena ochepera. Ndiye kuti maulendo afupiafupi aja ankabala zigoli zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwawo. Kuwerenga anawerenga bwino, pomasulira ndi pamene anaphonya.

Kuno mbuna zoterozo n'zambiri. Mabwalo ambiri a ku Thyolo ndi opendekeka. Winga akamatsetsereka chigawo choyamba ndi munthu wina, akamakwera mtunda chigawo chachiwiri ndi munthu winanso. Chiperoni chikagwa bwalo limaterera, wotchinga aliyense amagwa yekha osadyetsedwa njomba. Mu October pansi pamauma gwa, mpira umangodumphadumpha. Wina wavala nsapato za mpira, wina akusewera chapansi. Kudutsa nambala 3 wa timu ya m'mudzi amene wagona kumaliro usiku wonse sikufanana ndi kudutsa wa timu ya mu ligi amene amachita zokonzekera kanayi pa sabata. Choncho pamwamba pa tsamba lililonse palembedwe bwalo, nyengo ya tsikulo, ndi timu imene akusewera nayo. Mwana tizimuyerekeza ndi anzake a mpikisano womwewo, ndipo tisamugamule ndi magemu atatu a bonanza ya phungu.

Kwa anthu a kuno zimenezi si zachilendo. Ku esiteti, tiyi wa wothyola amakwera pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu, koma kapitawo amapisanso dzanja m'dengumo kuona ngati ali masamba anthete a kunsonga kapena okhwima ongolemeretsa. Palibe amene ananenapo kuti sikelo itayidwe poti dzanja la kapitawo lilipo, ndipo palibe fakitale imene imalandira tiyi pongoona makilogalamu.

Koma nambala yaikulu kuposa zonse, imene tikaiphonya kope lonse ndi lotaya, ndi tsiku lobadwa. Winga wa zaka 19 amene akusewera ndi ana a zaka 15 adzatsogola pa chilichonse chimene tingawerenge, kaya ndi njomba, mashoti kapena zigoli. Tidzamunyamula pa mapewa, tidzamutumiza ku timu yaikulu, kumeneko n'kukapezeka kuti anafika kale pamapeto a kukula kwake. Nthawi imeneyo kamwana kenikeni ka zaka 15, kamene kankakhala pa benchi chifukwa chochepa thupi, kasiya mpira kayamba kabaza. Ife Amalawi nkhaniyi tikuidziwa. Timu yathu ya osapitirira zaka 17 inapita ku World Cup ya 2009 ku Nigeria dziko la Niger litachotsedwa mu mpikisano wa mu Africa chifukwa choseweretsa wopitirira zaka, ndipo ndi pa mpikisano wa ku Nigeria womwewo pamene FIFA inayamba kuunika mafupa a pa mkono ndi makina a MRI pofuna kugwira onama zaka. Pa bwalo la ku Nkando sitingabweretse MRI. Koma kuyambira mu 2015 kulembetsa mwana akabadwa ndi lamulo, ndipo ziphaso za unzika zilipo kuyambira mu 2017 kwa amene akwanitsa zaka 16. Pali buku la kusikelo, kaundula wa kusukulu, kalata ya ubatizo. Mwana alembedwe kamodzi akadali wamng'ono, ndipo tsikulo lisadzasinthe iye akasintha timu.

Ngakhale zaka zikhale zoona, mwezi nawo uli ndi mawu. Wobadwa mu January ndi wobadwa mu December chaka chomwecho amasiyana pafupifupi chaka chathunthu, ndipo pa msinkhu wa zaka 14 chaka chimodzi ndi ntchafu, mapapo ndi liwiro. Kamwana kakang'ono kamene manambala ake akuyandikira a anzake aakulu matupi ndi kamene kali ndi luso lenileni, chifukwa kakupeza ndi mutu zimene anzakewo akupeza ndi mphamvu.

Alembe ndani? Mphunzitsi ayi, iye ali kale ndi zokalipa zake pa mzere. Pa sekondale iliyonse pali ana a Fomu 3 okonda mpira koma miyendo inawakana, ndipo pali aphunzitsi a masamu amene akusowa chitsanzo chamoyo cha maperesenti. Palinso anyamata amene amaswera pa malo obetchera, odziwa pamtima kuti timu ina ya ku Turkey yamenya makona angati m'magemu asanu apitawa. Luso lowerenga manambala ali nalo kale, kungoti likuthera pa kudyetsa ena ndalama. Anthu awiri akwanira pa gemu, wina mbali ya kumanja, wina ya kumanzere. Foni ikakhalapo, wachitatu akwere pa chulu ajambule, kuti pakakhala mkangano abwerere ku kanema. Chofunika n'chakuti olemba onse agwirizane kaye. Kodi winga akakankha mpira patsogolo n'kupambana pa liwiro, tilemba kuti wadutsa munthu? Nanga mpira wogunda mwendo wa mdani n'kubwerera kwa iye? Zimenezi zikapanda kumangidwa pachiyambi, kope la ku Chonde silidzamvana ndi la ku Goliati.

Choopsa ndikuchiona. Mwana akadziwa kuti njomba zikuwerengedwa, ayamba kukakamira mpira, anzake n'kumangokweza manja. Choncho manambala a njomba asamalengezedwe pagulu, ndipo pasakhale kupereka kangachepe potengera iwo. Kopelo lisasungidwenso ndi munthu amene angadye nawo mwanayo akagulitsidwa. Tikudziwana, 3 amasanduka 8 ndi kakhwatcha kamodzi ka bolopeni. Wolemba achokere ku sukulu kapena ku timu ina yosasewera tsikulo, ndipo gemu ikatha atsogoleri a matimu onse awiri asaine pansi pa tsamba.

Pali chifukwa china chimene chiyenera kudzutsa eni matimu ang'onoang'ono, amene amagulitsa mbuzi kuti agule jezi. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Palinso ndalama ina yobwezera zimene timu inawononga pomulera, imene imaperekedwa akasaina kunja kontirakiti yake yoyamba yolipidwa. Kuyambira mu November 2022 ndalama zimenezi zimadutsira ku FIFA Clearing House, imene imayang'ana mbiri ya wosewera yolembedwa m'kaundula, osati nkhani za pakamwa zakuti "mwanayu tinamulera ndife". Yankuba Minteh, winga wa ku Gambia, anachoka ku timu ya kwawo ya Steve Biko mu 2022 kupita ku Odense ku Denmark. Pofika 2024 Brighton inamugula ku Newcastle pa mapaundi pafupifupi 30 miliyoni. Werengerani nokha, 5 peresenti ya ndalama yotere ndi mapaundi 1.5 miliyoni. Timu ya kuno imene yalera mwana zaka zinayi koma osamulembetsa ku FAM kudzera m'kaundula wa osewera wotchedwa Mpira Connect, tsiku lotero idzangomvera pa wailesi. Timu yozolowera kulemba mphindi ndi mashoti siingavutike kulemba mayina ndi masiku obadwa, dzanja lake ndi lomwelo.

Timu ya ku Mulanje ya FOMO itakwera mu TNM Super League mu 2024 tinaona matimu akuluakulu akubwera pa Mulanje Park, ngakhale kuti chisangalalocho chinali cha nyengo imodzi. Timu ya ku boma, kaya ndi imeneyo kaya ina imene idzakwere mawa, singalimbane ndi Maule, Manoma kapena Silver pa kugula osewera odziwika kale. Pamene ingawapose ndi pa kudziwa ana a kuno msanga, iwo asanamve n'komwe.

Ndipo kopelo likhale la atsikananso. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, boma la mapiri ngati athuwa. Temwa, amene nthawi zambiri amaukira kuchokera kumbali, anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, chinthu chimene palibe anali atachitapo mu nyengo imodzi ya ligiyo. Magemu a atsikana kuno ndi ochepa, oonerera ndi ochepanso, ndiye ndi kumene mwana waluso amasowa mosavuta pakapanda wolemba.

Makomiti a mpira a m'maboma awiriwa sakufunika kudikira thandizo lochokera ku likulu la FAM ku Chiwembe. Pepala limene matimu amalembapo mayina gemu isanayambe lilipo kale. Angoonjezerapo mizere ya tsiku lobadwa, mphindi yolowera ndi yotulukira. Asankhe mpikisano umodzi wa osapitirira zaka 17, aulondole nyengo yathunthu, mawinga okhaokha poyamba. Aphungu ndi amalonda amene amaika mamiliyoni pa zikho apatuleko kandalama ka makope ndi ka sopo ka olemba. Nyengo ikatha, ana khumi otsogola aitanidwe pa Mulanje Park, asewere pa bwalo limodzi, onse atavala nsapato, aphunzitsi achikulire aja ali pa mzere ndi maso awo. Mwa khumiwo ambiri adzakhala amene aliyense ankawadziwa kale. Ine chidwi changa chili pa awiri kapena atatu amene mayina awo sanamvekepo pa Boma.